Achemwali Anga ndi Mlangizi wa ku Sendai

Achemwali anga a Yasue sadya atakhala pansi. Kuyambira tili ana, mbale ya mpunga amaigwira m'manja n'kumadya choimirira, diso lili pazenera, ngati pali wina amene analonjeza kubwera ndiye akuchedwa. Malemu mayi athu anawakalipira mpaka pakamwa kuuma, koma sizinathandize. Atakwatiwa ndi a Togashi, awiriwo anatsegula kasitolo kochapa ndi kusita zovala kuseri kwa siteshoni ya sitima kuno ku Sakata. Ntchitoyo inagwirizana ndi mtima wawo, pajatu wosita sakhala pampando.

Alamu anga a Togashi anali munthu wofatsa, wolankhula mwa apo ndi apo. Anamwalira ndi khansa ya m'matumbo asanakwanitse zaka makumi asanu. Mayi awo anapita ndi matenda omwewo, mkulu wawonso chimodzimodzi. Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti banja limeneli ndi la m'mimba mofooka, nkhani n'kuthera pomwepo. Achemwali anatsala ndi simbi yawo ndi mwana mmodzi wamkazi, Kanae, amene nthawi imeneyo anali ku sekondale. Za matenda a amuna awo sankazitchula. Ukayamba nkhaniyo ankangokupatsa mtolo wa malaya kuti uwagwirire.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, Tsutomu. Ndinapuma ntchito ku positi ofesi, ndipo tsoka langa ndi lakuti ndili ndi galimoto pamene iwo alibe.

Kanae anakula, n'kupeza ntchito mu ofesi ya anthu ogula mpunga kwa alimi. Kumeneko ndiko anakumana ndi Ryohei, mwana wa alimi a kudambo, mnyamata wamanja akuluakulu ndi mawu ochepa. Mabanja anakumana, anamwera limodzi, ukwati n'kuikidwa kuti udzachitike chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chikasungunuka, anthu asanayambe kuwokera mpunga.

Tsiku lina m'mawa, chisanu chili pachimake, foni yanga inalira.

"Tsutomu, bwera."

"Kwagwanji achemwali?"

"Ukamafunsa ndiye ukubwera? Bwera!"

Ndinapeza sitolo yotseka, chinthu chimene chinali chisanachitikepo tsiku la ntchito chimwalirire alamu. Kanae anali atakhala pakampando kumbuyo, pakati pa majekete opachikidwa, maso ali psuu. Achemwali ankazungulira tebulo lositira, simbi ili m'manja koma yosayatsa.

"Mwana wa mlongo wako uyu wauza mwamuna uja kuti ukwati kulibe," anatero. "Mufunse iwe, mwina iwe akuyankha."

Ndinanjuta pafupi naye. "Wakumenya?"

"Ayi amalume."

"Ali ndi mkazi wina?"

"Ryohei? Angamupeze kuti, munthu wongocheza ndi thirakitala?" Anaseka pang'ono, kusekako n'kusanduka kulira.

Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Ukwati utayandikira, Kanae anayamba kuganiza za bambo ake ndi agogo ake. Anaona pafoni uthenga wa kiliniki ina ya ku Sendai yomwe imati imayeza matenda akumtundu, munthu n'kudziwiratu chimene chikumudikira. Anapita osauza aliyense, anamutenga malovu, kenako anamuitana kuti akamve zotsatira kwa mlangizi wawo, bambo wina dzina lake a Nishiwaki. Bamboyo anamuuza kuti mbewu ya matenda a bambo ake ili mwa iye, kuti khansayo ikubwera ndithu, chatsala n'kudziwa chaka. Anamuuzanso kuti ana amene adzabereke adzaitenga.

"Ndiye anati akanakhala iwo akanaganiza mofatsa asanalowetse banja la eni m'mavuto," anatero Kanae. "Ryohei ndi mwana mmodzi yekha kwawo. Minda yonse ija ikudikira ana ake. Makolo ake ndikawapatse adzukulu odwala?"

"Wamuuza chifukwa chake?"

"Ndangoti mtima wanga wasintha."

Achemwali anaika simbi pansi mwamphamvu. "Nishiwaki ameneyo ndi dokotala?"

"Ndi mlangizi, amayi. Mlangizi wa matenda akumtundu."

"Anamulangiza ndani iyeyo kuti azilangiza ana a eni? Tsutomu, liza galimoto."

"Lero? Kumapiri kwagwa chipale chambiri."

"Chipale chidzasungunuka ukwati utatha kale."

Ulendo wa ku Sendai nyengo imeneyo si wamasewera. Msewu umakwera mapiri, mbali zonse chipale chitaunjikana kuposa denga la galimoto. Njira yonse achemwali anakhala kumapeto kwa mpando, dzanja lili pachitseko.

"Galimoto imeneyi ikuyenda kapena ikuganiza?"

"Mukufuna tikafike kapena tikagonere m'chigwamu?"

"Ku positi ofesi makalata ankafika bwanji ndi kayendedwe kako? Anthu ankalandira uthenga wa ukwati mwana atayamba sukulu."

Kilinikiyo inali pamwamba pa nyumba yosanja pafupi ndi siteshoni yaikulu. Chipinda chimodzi ankasalalitsiramo nkhope za akazi, china ndiye cha zoyezazo. Munali fungo la maluwa, kanyimbo kakulira chapansipansi. Mtsikana wa pakhomo, wamawu okoma ngati akuimba, anati popanda kupangana tsiku sitingalowe. Achemwali anati adikira, ndipo anadikira choimirira pamaso pake penipeni, mpaka mtsikanayo anatopa n'kukawaitana a Nishiwaki.

Ndinkayembekeza kuona kathyali wa maso othamanga. Munatuluka bambo wa imvi zokongola, wovala khoti loyera, woweramira munthu mwaulemu ngati wansembe wa kukachisi. Anatilowetsa, anatipatsa tiyi, ndipo anamvetsera mkwiyo wonse wa achemwali osawadula pakamwa. Atatha anapepesa kuti za Kanae sangazikambe popanda mwini wake, koma anati amamva chisoni chachikulu ndi mabanja otere.

"Funso langa ndi limodzi," anatero achemwali. "Ntchito imeneyi munaiphunzira kuti? Anakuvomerezani ndani?"

A Nishiwaki sanakhumudwe. Anaimirira, n'kutsitsa pakhoma satifiketi ya m'galasi, yam'mbali mwagolide, yokhala ndi chidindo chofiira chachikulu. Panalembedwa kuti iwo ndi mlangizi wamkulu wovomerezeka ndi bungwe lina la dzina lalitali. Achemwali anaiwerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, milomo ikugwedezeka. Ndinaona mapewa awo akugwa. Anaibweza ndi manja awiri, anawerama kwambiri, n'kupepesa kuti awasokoneza pantchito.

Pobwerera sanadandaule za liwiro la galimoto. Titadutsa mapiri anangoti, "Ndiye kuti n'zoona."

Ndinaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, koma ndinaiwala kuti ndi achemwali anga. Dzina la bungwe lija anali atalisunga m'mutu. Patapita masiku anandiitana kuti ndiwafufuzire nambala yake pa intaneti, poti iwo foni amaidziwa poimba ndi poyankha basi.

"Mukufuna mukawauze chiyani?"

"Ndikufuna ndimve ngati satifiketi ija siinathe ntchito. Chiphaso chako choyendetsera galimoto suja umakachikonzanso? Ngakhale kuti iwe amangokupatsa mwachifundo."

Ndinaipeza nambalayo, iwo anaimba, foni ili pokweza mawu. Inayankhidwa ndi mawu okoma ngati akuimba. Achemwali anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana.

"Mwanawe," anatero pang'onopang'ono, "si iwe uja ndinakuimirira pamaso ku kiliniki?"

Mtsikanayo anati bungwelo ndi kilinikiyo amagwiritsa ntchito ofesi imodzi. Achemwali anafunsa kuti mkulu wa bungwelo ndani. Anati ndi mwini kiliniki. Anafunsa kuti maphunziro ake amatenga nthawi yaitali bwanji. Mtsikanayo, mwina poganiza kuti wapeza wophunzira watsopano, anati ndi Loweruka ndi Lamlungu basi, satifiketi amatumiza kunyumba.

Achemwali anadula foni, n'kuyamba kuyenda uku ndi uku. "Ndinamuweramira! Tsutomu, unandiona? Ndinawerama mpaka msana kulira!"

"Ndinakuonani."

"Ndiye sunandiletse bwanji? Unabwera kudzamwa tiyi?"

Komabe kudziwa kuti pepala lija anadzilembera okha sikunawakwanire. Ankafuna adziwe kuti lenileni limaoneka bwanji, ndipo amapereka ndani. Anayamba kufunsa aliyense wolowa m'sitolo. Wina akabweretsa suti, ankachoka atafunsidwa ngati ali ndi m'bale kuchipatala. Dzina la Kanae sankalitchula, ankangoti ndi mwana wa mnzawo. Potsiriza anathandizidwa ndi mayi Abiko, namwino wopuma ntchito amene amachapitsa makatani ake kumeneko. Mayiwo anati alangizi enieni alipo, ngakhale ndi ochepa. Amaphunzira ku yunivesite pamwamba pa digiri, amalemba mayeso a bungwe la akatswiri a zachipatala, ndipo bungwelo limadziwa aliyense amene linamuvomereza.

Achemwali anaimba ku bungwelo. Mayi amene anayankha anafufuza n'kunena kuti dzina la a Nishiwaki salidziwa.

"Ndiye mukamutseke pakamwa," anatero achemwali.

"Tilibe mphamvu imeneyo, mayi. Munthu akhoza kudzitcha mlangizi, ife sitingamuletse. Chimene tingakuuzeni n'chakuti si wathu, ndipo tikhoza kukuuzani kumene kuli wathu pafupi ndi kwanuko."

Tsiku limenelo achemwali anali ngati apambana mlandu. Anakamudikira Kanae pakhomo la ofesi yake, m'mphepo ya kunyanja ija yodula makutu. "Wabodza! Munthu uja ndi wabodza! Ulibe matenda iwe. Muimbire Ryohei."

Kanae sanasangalale monga ankayembekezera. "Amayi, iye akhale wabodza, nanga malovu anga ndi abodzanso?"

Anavomera chinthu chimodzi chokha, kupita kukaonana ndi mlangizi wa kuchipatala chachikulu cha ku Yamagata. Ndinawatenga onse awiri.

Mlangiziyo anali mayi Haga. Nditi mayi chifukwa cha ulemu, koma anali mtsikana wochepa thupi, wamagalasi, msinkhu wa Kanae yemweyo, wovala juzi wamba. Kachipinda kake kanali ndi tebulo, mipando, ndi bokosi la timapepala topukutira misozi. Pakhoma panalibe golide aliyense. Achemwali anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Aakulu anu abwera nthawi yanji?"

"Mlangizi ndine, mayi. Adokotala tiwaona pambuyo pake."

"Amayi, chonde," anatero Kanae, nkhope itafiira.

"Chonde chiyani? Wa imvi uja anatipusitsa, nanga uyu woti akadali ndi fungo la sukulu? Mwanawe, anakuvomereza ndani?"

Mayi Haga anatulutsa kachiphaso m'kachikwama ka pakhosi, n'kuwapatsa. "Nambala yanga ndi imeneyo. Koma musakhulupirire kachiphasoka chifukwa ndakupatsani ndine. Aimbireni eni ake. Ife tidikira."

Munthu wina akanachita manyazi n'kunena kuti basi zakwana. Achemwali anatuluka nako kachiphasoko. Tinkawamva m'khonde akutchula nambala mokweza, kenako akufunsa ngati munthuyo ndi wamfupi wamagalasi, ngati kuti a ku bungwe amasunga misinkhu ya anthu. Atabwerera anabweza kachiphaso n'kunena kuti, "Akuti ndinu." Pampando anakhala, koma chakumapeto.

Mayi Haga sanayambe ndi za malovu. Anatenga pepala n'kuyamba kujambula banja lonse la a Togashi, akufunsa mmodzimmodzi: anadwala ali ndi zaka zingati, matenda anayambira pati, adokotala anati chiyani. Kanae zambiri sankazidziwa. Anayankha ndi achemwali. Kwa nthawi yoyamba ndinawamva akufotokoza mmene alamu anabisira magazi amene ankaona kuchimbudzi pafupifupi chaka chathunthu, poopa kutseka sitolo, ndi mmene anapitira kuchipatala zinthu zitafika kale patali. Ankalankhula akuyang'ana patebulo, chala chikusalaza m'mphepete mwa pepala ngati akusita. Kanae ankawayang'ana kukamwa kuli yasa.

Kenako mayi Haga anati zoyeza za ku Sendai sangazidalire, chifukwa sakudziwa kuti zinayezedwa motani. Ngati Kanae akufuna kudziwa, ayezedwe magazi mwatsopano. Ngati sakufuna, palibe womukakamiza.

"Akufuna," anatero achemwali.

"Ndimafunsa a Kanae, mayi." Anatembenukira kwa iye. "Mukufuna tikambirane amayi ali pompano, kapena muli nokha?"

Kanae anatembenukira kwa amayi ake. "Amayi, mundidikire panja."

Ndinaganiza kuti denga ligwa. Koma achemwali anaimirira n'kutuluka. M'khondemo anayenda kuchokera kuzenera kukafika pamakina ogulitsa zakumwa, kubwerera, kupitanso, mpaka namwino wina anawafunsa ngati asochera.

Magazi anatengedwa, zotsatira zinati zidzatenga milungu ingapo. Milungu imeneyo ndi imene ndinawamvera chisoni achemwali kuposa nthawi ya maliro. Panalibe woti amuimbire, panalibe koti ndiwaperekeze. Anatsuka mawindo a sitolo chipale chikugwa. Anasita zovala zositasita kale. Tsiku lina anawotcha kolala ya malaya a mphunzitsi wina, chinthu chimene anali asanachitepo chiyambire ntchitoyo, n'kukagula atsopano kukapepesa nawo. Ryohei anabwera kusitolo kangapo ndi jekete limodzimodzi loyera kale, n'kumaima pakhomo akuzunguza chipewa m'manja. Achemwali ankalilandira jeketelo osanena kanthu, milomo ataifinya, chifukwa Kanae anali atawalumbiritsa kuti asamuuze za matendawo.

Tsiku la zotsatira Kanae analowa yekha. Patapita nthawi chitseko chinatseguka, iye n'kutiitana. Anali atalira, koma anali atakhala mowongoka.

"Mbewu ija ndili nayo, amayi."

Achemwali anaimirira pomwepo ngati mtengo. Kenako anatembenukira kwa mayi Haga. "Ndiye wabodza uja ananena zoona? Ndavutikiranji ine kukwera mapiri? Inu ndi iye mukusiyana pati?"

"Mbewuyo ilipo, pamenepo sanalakwe," anatero mayi Haga. "Koma anawauza kuti khansa ikubwera ndithu. Si choncho. Mpata wodwala ndi waukulu kuposa wa anthu ena, zimenezo sindibisa, koma alipo amene amakalamba nayo mbewuyi osadwala. Ndipo khansa imeneyi kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere m'matumbo. Akamaunikidwa ndi kamera nthawi ndi nthawi, adokotala amakachotsa kasanasanduke kanthu. Palinso zina zoti aziyezedwa ngati mzimayi, takambirana. Amuna anu sanadziwe kuti ayenera kuunikidwa. A Kanae akudziwa."

"Nanga ana?"

"Mwana aliyense akhoza kuitenga kapena osaitenga, mpata ndi wofanana mbali zonse. Akadzakula adzasankha okha kuyezetsa. Za ukwati sindinena kanthu. Si ntchito yanga kuuza munthu kuti akwatiwe kapena asakwatiwe."

Pobwerera, tikutsika mapiri, Kanae anandipempha kuti ndimutsitse kudambo, panjira yopita kwa Ryohei. Achemwali anagwira chitseko kuti atsike naye.

"Ndekha, amayi."

"Ukanena mosokoneza iwe. Ine ndikafotokoza bwino."

"Ndekha."

Tinamusiya akuyenda pakati pa minda yoyera ndi chipale. Achemwali anakhotetsa khosi kumuyang'ana mpaka msewu unakhota.

Zimene anakambirana sitinazimve zonse. Kanae anangotiuza kuti Ryohei anakwiya koyamba chidziwireni, osati chifukwa cha matenda, koma chifukwa anamusiya nyengo yonse ya chisanu akudzifunsa kuti analakwa chiyani. Atatha kukwiya anafunsa kuti kuunikako kumachitika mwezi uti, kuti asadzakuike nthawi yokolola.

Kwa makolo a Ryohei ndiye zinavuta. Bambo ake anangoti zili kwa ana. Mayi ake anakana kwamtuwagalu, nati sanalerere mwana kuti akhale namwino. Ukwati waukulu uja unalephereka. Awiriwo anakalembetsa ku ofesi ya mzinda mpunga utayamba kucha, tinadya chakudya pa kalesitilanti ka kudoko, mpando wa mayi a Ryohei uli wopanda munthu. Mpaka pano asewere awiriwa, mayiwo ndi achemwali, akakumana pamsika amaweramirana mwaulemu wonse, osalankhulana. Kanae ndi Ryohei amakhala m'kanyumba ka lendi m'tauni, mwamunayo amapita kumunda m'mawa uliwonse pa kagalimoto kake.

A Nishiwaki achemwali anawaimbira kamodzi. Bamboyo anamvetsera mwaulemu womwe uja, n'kunena kuti iwo ankangofuna kuthandiza, ndipo kuti kale ankagulitsa mankhwala m'zipatala kotero za matenda amazidziwa. Ndikukhulupirira kuti ankanena zimene amakhulupirira. Ndinamva kuti kilinikiyo ikadalipo.

Panatsala munthu mmodzi. Alamu anali ndi mlongo wawo, a Sumie, amene amakhala ku Tsuruoka ndipo amaphunzitsa ana kuimba piyano. Mayi Haga anali atanena kuti abale a magazi ndi bwino adziwe, koma wowauza akhale Kanae, ndipo akauzidwa asankhe okha. Kanae anapita kwa azakhali akewo, anawafotokozera zonse. A Sumie anamuthokoza, anamuphikira tiyi, n'kunena kuti iwo sakufuna kuyezedwa.

Achemwali atamva anathamangira komweko. Ndinali nawo.

"Alamu, mwaika m'manda mayi anu ndi alongo anu awiri. Mukufuna ife tikuikeni inunso?"

"Mudzandiika ndithu, Yasue, kaya ndiyezedwe kaya ndisayezedwe," anatero a Sumie akumwetulira. "Ndakhala zaka zonsezi ndikugona tulo tabwino. Ndilibe mwana woti ndimusiyire mbewuyo. Ukufuna ndizidzuka m'mawa uliwonse ndikumvetsera m'mimba mwanga?"

"Mlangizi wake ndi weniweni. Ndinafufuza ndekha."

"Ndikudziwa kuti unafufuza. Mzinda wonse ukudziwa kuti unafufuza. Khala pansi umwe tiyi."

Anakangana mpaka mwana woyamba wa piyano anagogoda pakhomo. Pomaliza a Sumie anavomera theka: magazi ayi, koma kuunikidwa ndi kamera adzapita, akadzapeza nthawi. Anati mwina chilimwe chikatha. Chilimwe chinatha, anati dzinja likapita. Mpaka lero sanapite.